Msoko Wokhota

Dzanja ili ladula nzimbe zaka khumi ndi zinayi,
chikwanje chimalidziwa fungo,
koma lero lagonja kwa singano,
kanthu kochepa ngati munga wa mthethe.
Ulusi ndaunyambita kasanu,
diso la singano langoti tong'o, osandilola kulowa.

Mai Fulukiya anati n'zosavuta:
dula mofanana, lumikiza ngodya ndi ngodya.
Iwo amasoka uku akudandaula mtengo wa mapira,
maso ali kumsewu kuwerenga malole a shuga.
Ine ndikangoti cheu
ndabaya chala.

Ngodya zanga sizipatsana moni.
Ina yaloza ku Ngabu, inzake ku Thabwa,
pakati pakwinyika ngati chipumi cha kapitawo.
Msoko ukhotakhota ngati Mwanza mvula ikagwa kumtunda,
mtsinje woiwala khwawa lake.
Dzulo ndaphwasula mzere wonse,
ntchito ya sabata yathunthu,
ulusi uli mbwee pamkeka
nkhuku n'kumaujompha, kuyesa nyongolotsi.

Zuze wakabaza anaima, phazi limodzi pansi:
Achimwene, dzuwa la Nchalo lino,
mbuzi zikulimbirana mthunzi wa ngolo,
inu mukusoka chofunda?
Mukufuna kuphika ndani?
Anaseka mpaka belu la njinga linalira lokha.

Ndinaunjika zonse m'thumba la feteleza,
ndinamanga kukamwa, ndinaponya kuseri kwa chitseko.
Masiku atatu ndinangokhala,
kusisita bondo lomwe linandichotsa m'munda wa kampani,
kupha udzudzu, kuwerenga zibowo za malata.

Koma kalata ili pawindo.
Esinala wasankhidwa kupita kusekondale ku Thyolo,
kumtunda kuja nkhungu imalowa m'kalasi osagogoda.
Mwana wobadwira m'ng'anjo,
wogona pabwalo chibadwire,
sadziwa kuti mphepo ili ndi mano.
Bulangete ndinafunsa mtengo kwa mmwenye,
ndinatuluka chobwerera m'mbuyo.

Ndamasula thumba.
Nayi kolala ya ovololo yanga, mwaye wa nzimbe sunachoke.
Nayi yunifomu yake ya sitandade wanu, thumba lodontha inki.
Nachi chitenje chomwe tinamangira mbale ndi makope
usiku uja madzi anatipeza m'tulo,
tikuthawira kusukulu, mwana ali paphewa.
Zotsalazo n'za telala Jofesi,
jumbo imodzi faifi handiredi,
maluwa a akwatibwi osawadziwa, mikono ya masuti a maliro.
Zonsezi zigone pamodzi? Zigona.

Mai Fulukiya anabwera kudzabwereka sefa.
Anatola ntchito yanga, anaitembenuza kunsi,
anakoka uku ndi uku, mwamphamvu,
ine mtima uli m'mwamba.
Sinang'ambike.
Anati, changa choyamba mukuchidziwa?
Chija agonera galu wathu kukhitchini.
Chaka chachisanu ndi chimodzi chino, sanadandaulepo.
Atafika pampanda anatembenuka:
mphepo siwerenga ngodya, bambo a Esinala,
imafuna pobowoka.

Tsono ndimadzuka dzuwa lisanakwiye,
thukuta lisanayambe kutereretsa singano.
Chala ndachikulunga kachubu ka njinga,
Zuze yemweyo ndiye anandidulira.
Sindiyang'ana bedi lonse, lingandimeze.
Kumunda sitinkayang'ana kothera munda,
tinkayang'ana phesi lili patsogolo,
kenako linzake.

Zigamba makumi awiri ndi zitatu zagwirana.
Zatsala makumi asanu ndi anayi, mwina kuposa,
masamu ndimusiyira mwini wake.
Chachisanu ndi chiwiri n'chopendekeka,
ndachisiya dala.
Akadzachikhudza usiku ku Thyolo, magetsi atazima,
adzadziwa kuti apa bambo anali asanadziwe,
adzatsata ndi chala mpaka pomwe msoko wayamba kuwongoka.

Lero ulusi walowa kachitatu.
Ndinafuna kuuza munthu,
koma pakhonde panali nkhuku zokha.